Mkaidi akalowa Chisilamu m'ndende: lamulo likuti chiyani, nanga banja litani?

Munthu akagamulidwa kuti akakhale kundende, boma limamulanda ufulu woyenda. Sangapite kumunda, sangapite kumsika wa ku Ulónguè, sangagone m'nyumba mwake. Izi tonse timazidziwa. Koma kodi chitseko cha ndende chikatsekedwa, munthu amatayanso ufulu wosankha chipembedzo?

Funsoli limafika pakhomo lisanagogode. Mayi amanyamula ufa ndi nyemba kukaona mwana wake kundende. Akafika amapeza mwanayo wavala kachipewa koyera, akukana nyama ya nkhumba imene ankaikonda, ndipo anzake akumuitana dzina lachilendo. Kuno ku Angónia mabanja ambiri ndi Akatolika, ena ndi a Reformada, ena a mipingo ya chipentekoste, enanso amatsata za makolo. Nkhani yotere ikamveka, mudzi wonse umalankhula. Wina amati mwanayo amulodza. Wina amati wagulidwa ndi mpunga. Masiku ano palinso amene amatsitsa mawu n'kutchula Cabo Delgado.

Musanagamule, tiyeni tione zimene lamulo la dziko lathu likunena, ndi zimene zimachitika m'kati mwa mpandawo.

Lamulo lalikulu sililekera pachipata

Lamulo lalikulu la dziko la Mozambique, limene m'Chipwitikizi timati Constituição da República, ndi la chaka cha 2004. Gawo lililonse la lamuloli limatchedwa artigo. Pano tiziti ndime.

Ndime 12 ikunena kuti boma lathu lilibe chipembedzo chake. Si boma la Akatolika, si la Asilamu, si la mpingo uliwonse. Ndime 54 ikupereka kwa nzika iliyonse ufulu wopembedza, ndiponso ufulu wosapembedza. Ndime yomweyo ikuletsa kusala munthu, kumuzunza kapena kumulanda ufulu wake chifukwa cha chikhulupiriro chake. Ikuletsanso kumukondera. Mawu akuti kukondera muwasunge, tiwafunanso kutsogoloku.

Mwina mukuti: zimenezo ndi za anthu akunja, osati za akaidi. Yankho lili pa ndime 61. Ndimeyi ikuti chilango sichichotsera munthu maufulu ake akuluakulu, kupatula okhawo amene sangayende pamodzi ndi chilangocho. Woweruza akati zaka zitatu, ndiye kuti zaka zitatu zosayenda mwaufulu. Sanagamule zaka zitatu zosapemphera.

Ndende zathu zili m'manja mwa Serviço Nacional Penitenciário, mwachidule SERNAP, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 2013. Kayendetsedwe ka zilango kali mu Código de Execução das Penas, lamulo nambala 26/2019, ndipo ufulu wa chipembedzo uli m'gulu la maufulu a mkaidi. Palinso chinthu china chimene ambiri sachiona. Unduna umene umayang'anira ndende ndi womwewo umene umalembetsa mipingo ndi mabungwe a zipembedzo. Dzina lake ndi Ministério da Justiça, Assuntos Constitucionais e Religiosos. Choncho nkhani ya ndende ndi nkhani ya chipembedzo zimalowera pa khomo limodzi.

Ufulu umenewu sunagwe kumwamba ngati mvula. M'nthawi ya atsamunda, apolisi achinsinsi a PIDE anamanga atsogoleri ambiri a Chisilamu a kumpoto powaganizira kuti akuthandiza Frelimo. Ena anawatsekera m'linga la pachilumba cha Ibo, ena ku Machava. Ku Machava komweko ndi kumene anafera mbusa Zedequias Manganhela wa mpingo wa Presbiteriana mu 1972. Titalandira ufulu mu 1975, boma latsopano nalonso linapanikiza zipembedzo kwa zaka zingapo. Zinthu zinamasuka bwino ndi lamulo lalikulu la 1990. Mkhristu ndi Msilamu onse analawa ndende chifukwa cha kuganiziridwa chabe.

Malamulo a Mandela

Mu Disembala 2015, bungwe la maiko onse la ONU linavomereza malamulo 122 a kasungidwe ka akaidi. Anawatcha Malamulo a Nelson Mandela, pokumbukira munthu amene anakhala m'ndende zaka 27. Malamulowa si ofanana ndi lamulo lopangidwa ndi nyumba yathu ya malamulo ku Maputo. Ali ngati muyeso umene maiko anagwirizana kuti ndende isatsike kupitirira pamenepo.

Lamulo 65 likuti ngati m'ndende muli akaidi okwanira a chipembedzo chimodzi, pavomerezedwe mtsogoleri wa chipembedzocho woti aziwayendera ndi kuwatsogolera mapemphero. Mkaidi asakanizidwe kuonana naye. Koma lamulo lomwelo lili ndi mbali yachiwiri: mkaidi akakana kuyenderedwa ndi wansembe, mbusa kapena shehe, kukana kwakeko kulemekezedwe. Lamulo 66 likuti mkaidi aloledwe, mmene zingathekere, kuchita nawo mapemphero ndi kusunga mabuku a chipembedzo chake.

Kwa inu amene mukuphunzira kulemba ndi kuwerenga, pali malamulo ena awiri ofunika kuwadziwa. Lamulo 55 likuti mkaidi wosadziwa kuwerenga auzidwe pakamwa malamulo a ndende ndi maufulu ake tsiku limene akulowa. Lamulo 104 likuti mkaidi wosadziwa kuwerenga ayenera kuphunzitsidwa. Kupatsa munthu pepala limene sangaliwerenge n'kumuuza kuti asayine ndi chala si kumudziwitsa ufulu wake.

N'chifukwa chiyani munthu amasintha ali m'kati?

Ndende zathu ndi zodzaza. Akaidi a m'dziko muno ndi ochuluka kuposa kawiri malo amene ndendezo zinamangidwira. Ena mwa iwo mlandu wawo sunagamulidwe n'komwe. Amene wamangidwa kuno akatumizidwa kundende yaikulu ya mumzinda wa Tete, abale ake ali pa mtunda wa makilomita oposa 200, ndipo ndalama ya shapa yopita ndi kubwera si yopezeka mwezi uliwonse. Ena mwa ana athu amamangidwira kutsidya kwa malire, ku Dedza kapena ku Maula ku Lilongwe, ena ku South Africa kumene anapita kukafuna ganyu.

Ganizani munthu amene anazolowera kudzuka tambala woyamba kukathirira mbatata kudimba. Tsopano tsiku lake lilibe mutu, lilibe mchira. Lolemba likufanana ndi Lamulungu. Ali ndi manyazi, ali ndi mantha, tulo sakugona. M'chipinda momwemo akuona amuna angapo akudzuka kusanache, akusamba m'manja ndi kumaso, akuima pamzere umodzi. Akuona kuti mmodzi wa iwo akalandira chakudya kuchokera kwa abale, onse amagawana. Mapemphero asanu a pa tsiku amadula tsiku lalitali m'zidutswa zoti munthu angathe kuzisenza. Chisilamu chimaphunzitsanso kuti amene walowa kumene, zolakwa zake zakale pamaso pa Mulungu zafafanizidwa. Kwa munthu amene mudzi wonse ukumutcha wakuba, mawu amenewo ndi olemera.

Kulowa kwake ndi kosavuta. Munthu amanena shahada, mawu ochitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi ndi kuti Muhammad ndi mtumiki wake. Nthawi zambiri amanena pamaso pa mboni. Sipafunika kalasi ya zaka ziwiri kapena chikalata.

Tisabise: alipo amene amalowa chifukwa cha mimba kapena chitetezo. Pamene nsima ndi yochepa, gulu limene limagawana chakudya limakoka. Pamene pali nkhanza, munthu amafuna anzake omuteteza. Koma zimenezi si za Chisilamu chokha. Alipo amene amaimba kwaya m'ndende chifukwa mpingo umabwera ndi sopo. Ine sindiona chifukwa chomuseka munthu wanjala. Mlandu uli pa njalayo, ndipo kudyetsa mkaidi ndi udindo wa boma. Ndende ikamapereka chakudya chokwanira, amene watsala pamzere wa swala mudziwa kuti watsalira chikhulupiriro.

Chimene lamulo likukana ndi kukakamiza. Mkulu wa chipinda, amene ku Malawi amati nyapala, alibe mphamvu youza mkaidi watsopano kuti malo ogona apeza akalowa chipembedzo chakuti. Qur'an yeniyeniyo, mu sura yachiwiri, imakana kukakamiza munthu pa chipembedzo. Kumbukiraninso mawu aja akuti kukondera. Kulowa Chisilamu kapena kubatizidwa sikuchepetsa zaka za chilango. Kutuluka nthawi isanakwane, kumene amati liberdade condicional, kumagamulidwa ndi woweruza potsata lamulo. Wina akakuuzani kuti mwana wanu atuluka msanga akasintha chipembedzo, akukunamizani.

Amuna awiri ndi cholembera

Nkhani ya Chisilamu m'ndende ndi yakale, ndipo mbali yake ina ili pafupi ndi ife. Mu 1780 Adatchi anatsekera pachilumba cha Robben Island munthu wochokera ku Tidore, ku Indonesia ya lero. Dzina lake linali Abdullah ibn Qadi Abdus Salaam, koma anthu a ku Cape Town amamudziwa ndi dzina lakuti Tuan Guru, kutanthauza mphunzitsi wamkulu. Analibe buku m'manja. Analemba Qur'an kuchokera m'mutu mwake. Atatuluka anatsegula sukulu yophunzitsa akapolo ndi anthu akuda omasuka, ndipo anakhala imamu woyamba wa mzikiti wa Auwal, umene unayamba mu 1794 ndipo ulipo mpaka lero. Chilumba chomwecho ndi chimene Mandela anakhalapo zaka 18.

Wachiwiri ndi Malcolm Little wa ku America. Anagamulidwa mu 1946 pa mlandu wothyola nyumba, ali ndi zaka 20. Sukulu anali atasiyira panjira. Abale ake anayamba kumulembera makalata omuuza za gulu la Nation of Islam, ndipo chinthu choyamba chimene anasiya ndi fodya ndi nyama ya nkhumba. Atafuna kuyankha makalatawo anapeza kuti mawu akumuthawa ndipo zolemba zake sizikuwerengeka. Ali kundende ya Norfolk, m'chigawo cha Massachusetts, anatenga dikishonale n'kuyamba kuikopera ndi dzanja, tsamba ndi tsamba, kenako n'kumawerenga mokweza zimene walemba. Usiku magetsi akazimitsidwa ankawerengera kuwala kochokera m'khonde. Anatuluka mu 1952, ndipo dziko linamudziwa ndi dzina lakuti Malcolm X.

Nkhani yake ili ndi phunziro lina limene mabanja ayenera kulimva. Chiphunzitso chimene analandira m'ndende chinali chosiyana ndi Chisilamu cha Asilamu ambiri a pa dziko, makamaka pa nkhani ya mtundu wa khungu. Anazindikira zimenezi bwino atatuluka, ndipo mu 1964 anasiya gululo n'kupita ku Makka, kumene anapemphera pamodzi ndi anthu a khungu lililonse. Anaphedwa ku New York pa 21 Febuluwale 1965. Munthu wa m'ndende amaphunzira kwa amene ali naye pafupi. Ngati mphunzitsi wodziwa sakuloledwa kulowa, aphunzira kwa aliyense amene ali ndi mawu okwera.

Ku America komweko, ufulu wa akaidi onse unakula chifukwa cha akaidi achisilamu. Mu 1964 khoti lalikulu la dzikolo linagamula, pa mlandu wa Cooper ndi Pate, kuti mkaidi amene ankakanizidwa mabuku a chipembedzo chake ali ndi ufulu wosumira akuluakulu a ndende. Khomo limene iye anatsegula analowerapo Akhristu, Ayuda ndi osapemphera omwe.

Tsiku la Msilamu m'chipinda chodzaza

Mukadziwa zimene m'bale wanu akuyesa kuchita, mudziwa chomutengera. Swala ndi zisanu: m'bandakucha, masana dzuwa litapendeka, madzulo, dzuwa litangolowa, ndi usiku. Iliyonse imatenga mphindi zochepa. Wopemphera amayang'ana ku Makka. Kuchokera kuno ku Angónia, kumeneko ndi kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Amafuna malo oyera okwana mkeka waung'ono. Ngakhale chitenje chochapa bwino chimakwana.

Asanaswali amachita udhu, kusamba m'manja, m'kamwa, kumaso, mikono ndi mapazi. Apa ndi pamene mikangano imayambira, chifukwa m'chipinda cha anthu ambiri madzi a m'chigubu ndi akumwa. Amene amadziwa chisanu cha Juni kuno kumapiri akudziwanso kuti kusamba m'bandakucha si masewera. Koma chipembedzocho chili ndi njira yake. Madzi akasowa, munthu amaloledwa kuchita tayammum, kugunda manja pa dothi loyera n'kupukuta kumaso ndi m'manja. Wodwala amaloledwa kuswali atakhala pansi kapena atagona.

Lachisanu masana ndi tsiku la swala ya pamodzi, ya Ijuma. Apa pamafunika chilolezo cha akuluakulu a ndende, monga momwe chimafunikira pa Misa kapena mapemphero a Lamulungu. Ndende ili ndi mphamvu yosankha ola ndi malo chifukwa cha chitetezo. Chimene ilibe ndi mphamvu yolola chipembedzo china n'kukaniza china popanda chifukwa.

Pa chakudya vuto si lalikulu monga anthu amaganizira. Nsima ndi nyemba n'zololedwa kwa Msilamu. Zoletsedwa ndi nkhumba, magazi, nyama yofa yokha, nyama yosazingidwa mwa Chisilamu, ndi mowa. Mukamutengera ndiwo, nsomba, mazira, nyemba, kabichi ndi mbatata zilibe funso. Musabise mafuta a nkhumba m'ndiwo kuti mumuyese. Akadzadziwa, simudzakhala mutayesa chikhulupiriro chake, mudzakhala mutathyola chikhulupiriro chimene anali nacho pa inu.

Mwezi wa Ramadhani ndiwo wovuta. Wosala sadya kapena kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa litalowa, pamene ndende imagawa chakudya masana. Pamafunika kuti aloledwe kusunga gawo lake mpaka madzulo, ndi kachakudya kena ka m'bandakucha. Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, choncho funsani kumzikiti kuti iyamba liti, pempho lipite nthawi ilipo. Ngati mungathe kupita kundende kamodzi kokha pa chaka, mwezi umenewo ndi umene thumba lanu la ufa wa phala ndi shuga lingathandize kwambiri.

Pali zinthu ziwiri za umoyo zimene muyenera kumuuza mosapsatira. Choyamba, wodwala sakakamizidwa kusala. Qur'an imamulola kudzabweza masikuwo akachira. Amene akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV asasiye kapena kusintha nthawi yomwera popanda kulankhula ndi a chipatala. Olowa kumene amakhala ndi changu chofuna kuonetsa kuti ndi olimba, ndipo changu chimenecho chingawapweteke. Chachiwiri ndi mdulidwe. Munthu amakhala Msilamu ndi shahada, ngakhale asanadulidwe. Mdulidwe ungathe kudikira chipatala. Lezala limodzi loyenda m'manja mwa anthu m'chipinda cha ndende ndi njira ya HIV ndi zilonda zosapola.

Nanga Cabo Delgado?

Mantha awa ali ndi pochokera, ndipo sitiwanyoza. Pa 5 Okutobala 2017 anthu a zida anaukira Mocímboa da Praia, ndipo nkhondo imene inayamba tsikulo yapha anthu masauzande ndi kuthamangitsa ena mazana a masauzande m'midzi yawo. Oukirawo amatchula dzina la Chisilamu. Maiko ambiri aonanso kuti ndende ingakhale malo okopera achinyamata okwiya. Akuluakulu a ndende ali ndi udindo wolekanitsa munthu wolalikira kupha ndi akaidi ena.

Koma tiwerenge bwino. Kalembera wa 2017 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a m'dziko muno, pafupifupi 19 ndi Asilamu. Amenewo ndi anthu mamiliyoni, ambiri a ku Nampula, Cabo Delgado, Niassa ndi m'mbali mwa nyanja. Ambiri mwa amene anaphedwa kapena kuthawa nkhondoyi m'maboma a m'mbali mwa nyanja ndi Asilamu. Atsogoleri a Chisilamu a kumeneko anachenjeza boma za gululi nkhondo isanayambe. Ndipo pa mlandu waukulu woyamba umene unazengedwa ku Pemba, wa anthu oposa 180, oposa theka anamasulidwa mu 2019 chifukwa umboni unalibe. Anakhala m'ndende miyezi yambiri asanamve mawu amenewo.

Ku England, mkulu woyendera ndende anatulutsa lipoti mu 2010 lonena za akaidi achisilamu. Pa amene anafunsidwa, pafupifupi atatu mwa khumi alionse anali olowa Chisilamu, osati obadwiramo. Omangidwa pa milandu ya uchigawenga sanafike ngakhale mmodzi pa akaidi achisilamu 100. Lipotilo linachenjeza kuti kuona Msilamu aliyense ngati chigawenga kungamukankhire kumene mukuopako.

Ndevu, kachipewa ndi swala si zizindikiro za uchigawenga. Zoyenera kukudetsani nkhawa ndi zina: munthu akayamba kunena kuti kupha osakhulupirira n'kololedwa, akamatcha mashehe a m'mizikiti yodziwika kuti ndi akafiri, akamakana sukulu ndi chipatala, kapena akamakamba za ntchito yachinsinsi imene wina wamulonjeza kumpoto akadzatuluka. Mankhwala oyamba a zimenezi ndi mphunzitsi wodziwika. Dziko lathu lili ndi mabungwe olembetsedwa, monga Conselho Islâmico de Moçambique ndi Congresso Islâmico de Moçambique, amene akhalapo kuyambira zaka za m'ma 1980. Ngakhale inu muli Mkhristu, palibe chokuletsani kupita kumzikiti wapafupi n'kunena kuti: Shehe, mwana wanga walowa chipembedzo chanu ali m'ndende, kamuoneni. Qur'an yomasuliridwa m'Chichewa iliponso. Munthu wowerenga yekha m'chilankhulo chake savuta kumuthandiza, koma amavuta kumunamiza.

Dandaulo lipite kuti?

Ngati m'bale wanu akuletsedwa kupemphera, walandidwa buku lake popanda chifukwa, kapena akukakamizidwa kulowa chipembedzo chimene sakuchifuna, poyambira ndi kwa mkulu wa ndendeyo, director. Pempho likhale lolembedwa, likhale ndi tsiku, dzina la mkaidi monga lilili pa BI, ndi chinthu chimodzi chimene mukupempha. Lembani makope awiri, limodzi alidinde n'kukubwezerani. Ngati dzanja lanu silinazolowere, bwerani nalo kukalasi tilembere limodzi. Kalata yotere ndi phunziro labwino kuposa ziganizo za m'buku.

Yankho likapanda kubwera, pitani ku IPAJ, Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene alibe ndalama za loya. Procuradoria ya pa distritu nayonso ili ndi udindo woyendera ndende ndi kuona ngati anthu akusungidwa motsata lamulo. Pamwamba pake pali Provedor de Justiça ndi Comissão Nacional dos Direitos Humanos. Chilolezo chopemphera sichigulidwa. Wina akakupemphani ya fanta kuti m'bale wanu aloledwe kuswali kapena kupita ku Misa, chimenecho ndi chiphuphu.

Mukapita ku IPAJ, funsaninso za mlandu weniweniwo. Mabanja ena amatha miyezi akukangana za kachipewa pamene nthawi imene lamulo limalola kusunga munthu asanazengedwe mlandu inadutsa kale.

Tsiku lotuluka

Mayeso enieni amayamba pakhomo. Kumudzi kuli khola la nkhumba limene limalipira sukulu ya ana. Kuli mowa wa masese wa pa dima ndi pa maliro. Mzikiti uli kutali. Gulu limene linkamudzutsa m'bandakucha latsala m'kati. Ena amapitiriza, ena amabwerera ku mpingo wawo wakale, ena amangokhala. Ndime 54 ikuteteza onse atatu.

Makolo ambiri amaopa kuti mwana awakana. Chisilamu chimaphunzitsa zosiyana ndi zimenezo. Sura ya Luqman imalamula mwana kukhala bwino ndi makolo ake ngakhale iwo asali Asilamu. Wobwera kumudzi n'kuyamba kunyoza mayi ake chifukwa cha korona wawo sanaphunzire bwino. Nayenso alibe ufulu wokakamiza mkazi wake kusiya tchalitchi, chifukwa ndime 54 ndi ya mkaziyonso. Za ana akambirane awiriwo, ndipo pakavuta aitane ankhoswe monga mwa nthawi zonse. Ngati mukusowa poyambira kucheza, yambirani pa Yosefe. Baibulo limasimba za iye m'buku la Genesis, Qur'an imamutcha Yusuf mu sura 12, ndipo m'mabuku onse awiri anakhala m'ndende pa mlandu womunamizira.

Dzina latsopano lisakusokonezeni. Kusintha dzina si lamulo kwa aliyense wolowa Chisilamu, ndipo dzina la bambo ake kapena mfunda wake sizichoka. Pamaso pa boma iye ndi yemwe uja wolembedwa pa BI. Akafuna kuti dzina latsopano lilowe pa zikalata, njira yake ndi ya ku Registo Civil. Asanatero, pepala lomutulutsa m'ndende, khadi la kuchipatala ndi zikalata za munda zonse zikhale ndi dzina lakale, kuti asadzavutike kutsimikiza kuti munthuyo ndi mmodzi.

Nkhani yomaliza ndi imene timaopa kuitchula, ya maliro. Asilamu amasambitsa thupi mwa njira yawo, amalikulunga mu sanda, ndipo amaika msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena lotsatira. Mwambo wathu ndi wodikira abale a ku Tete, a ku Lilongwe ndi a ku Joni, ndi kugona pa siwa. Mabanja amene sanakambirane amakanganira pamaso pa mtembo. Akangokhazikika pakhomo, khalani pansi ndi mwini mbumba ndi munthu mmodzi wa kumzikiti. Mwini wakeyo anene chimene akufuna, wina alembe, asayine, ndipo pepalalo lisungidwe pamodzi ndi BI.